Mtukula Pakhomo ndi nkhani ya "graduation": kodi munthu wolandira thandizo amafika bwanji podzipezera yekha?

Nthawi iliyonse zikamveka kuti kwinakwake akulembanso maina a Mtukula Pakhomo, kapena akuluakulu aboma akalengeza kuti maanja mwakuti amaliza ndipo tsopano ndi odzidalira, mkangano wake umakhala womwe uja. Wina amati anthuwa angozolowera kulandira, apatseni ntchito basi. Wina amayankha kuti ntchito yake iti, inu nomwe ndi digiri yanuyo mukuzungulirabe m'tauni ndi envelopu ya khaki. Nde pamabweranso ena osakaniza zonse, Mtukula Pakhomo, ntchito za mthandizi, ngongole za NEEF, feteleza wotsika mtengo, ngati ndi chinthu chimodzi, pomwe chilichonse chili ndi anthu ake komanso cholinga chake. Apa tiyeni tione bwinobwino mbali imodzi yokha: zomwe zimachitika pofuna kuti munthu amene akulandira thandizo aphunzire luso, akhale ndi cholinga, mpaka apeze kopezera ndalama kokhazikika.

Choyamba, amalandira ndi ndani?

Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama za mwezi ndi mwezi kwa maanja osaukitsitsa, anayamba mu 2006 ku Mchinji ngati kongoyeserera, mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo nthawi imeneyo banja la munthu m'modzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu anayi kapena kuposa K1,800, kuphatikizapo kabonasi ka mwana aliyense wa pasukulu. Pofika 2018 pulogalamuyi inali itafika m'maboma onse 28, ndipo inkafikira maanja pafupifupi 300,000, anthu opitirira 1 miliyoni. Imayendetsedwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, koma ndalama zambiri zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, dziko la Germany, European Union ndi Ireland.

Chomwe ambiri sadziwa ndi ichi. Kuti banja lilowe pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda manja ogwira ntchito okwanira, kutanthauza kuti pakhomopo palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zake, kapena alipo m'modzi koma akusamalira anthu opitirira atatu. Ndekuti tikunena za agogo olera zidzukulu, amayi amasiye a ana ambiri, anthu aulumali, odwala matenda amgonagona, mwinanso ana olerana okha. Ndipo kwa zaka zambiri akhala akutenga maanja 10 okha mwa 100 alionse, pomwe kafukufuku wa boma wa 2019/20 anapeza kuti anthu 50.7 mwa 100 ndi osauka ndipo 20.5 ndi osaukitsitsa. Nchifukwa chake m'mudzi simutha madandaulo, oyenera kulandira ndi ambiri kuposa malo omwe alipo.

Ndiye tikamati "apite akagwire ntchito" tizikumbukira kuti pulogalamuyi inachita kusankha dala anthu amene ntchito imawavuta. Gogo wa zaka 78 sangapite kukaphunzira kuwotcherera, ndipo palibe akuyembekezera zimenezo. Komano m'makomo omwewo mumapezeka mdzukulu wa zaka 20 amene analekezera fomu 2, mumapezeka mayi wa zaka 35 wamphamvu ndithu koma womangika ndi ana. Nkhani ya luso ndi ntchito imayang'ana kwambiri amenewa, pamodzi ndi anthu a mthandizi, ntchito zolipidwa zija zokumba migula, kubzala mitengo ndi kusamalira nthaka zomwe pano ambiri akuzidziwa kuti Mbwezera Chilengedwe. A mthandiziwa ndi osauka koma mphamvu ali nazo.

Nanga graduation ndi chani?

Graduation ndi ndondomeko yopatsa banja losaukitsitsa zinthu zingapo motsatana kwa chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri, kuti pomaliza likhale ndi kopezera ndalama kwake kodalirika. Sinayambire kuno. Inayambira ku Bangladesh mu 2002 ndi bungwe la BRAC, lomwe linali litazindikira kuti ngongole zing'onozing'ono zomwe linkapereka sizinkafika kwa osaukitsitsa enieni. Munthu amene sakudziwa kuti madzulo adya chani amaopa ngongole, ndipo akaitenga imathera kugula chakudya kenaka wayamba kuthawa obwereketsa. Nde iwo anati tiyeni tiwapatse ng'ombe kapena mbuzi kwaulere, tiwapatse kandalama kodyera kuti asagulitse chiwetocho, tiwaphunzitse kasamalidwe kake, aziika kenakake padera, ndipo pakhale munthu wowayendera sabata ndi sabata.

Ganizo lake lili ngati minibasi yoti batire yafa. Mukamaikankha pang'onopang'ono munthu m'modzi, imasuntha inde koma siilira, mukasiya yaima pomwepo. Pamafunika anthu angapo akankhe limodzi mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, dalaivala aponye giya, injini igwire, kenako izipita yokha. Ndalama ya mwezi ndi mwezi imathandiza kuti banja lisagone ndi njala, koma nthawi zambiri siyikwana kugula chinthu chachikulu chosintha ntchito yomwe munthu amagwira. Akatswiri ena a zachuma atatsatira maanja a ku Bangladesh komweko kwa zaka zambiri anapezadi kuti pali mulingo winawake wa katundu, amene anaudutsa ankapitirira kukwera, amene anatsalira pansi pake ankabwerera komwe anachokera.

Kuno kwathu ndondomekoyi yabwera kudzera m'makomo angapo. Pali pulojekiti ya boma yomwe World Bank inavomereza kumapeto kwa 2019, ya SSRLP, ambiri amangoti Tidzidalire, yomwe imadutsira ku National Local Government Finance Committee, ndipo mbali ya mabizinesi ndi kusunga ndalama amayendetsa ndi a COMSIP, bungwe la magulu osunga ndalama, omwe mizu yawo ili m'nthawi ya MASAF, pulogalamu yakale ya boma ya ntchito za chitukuko ndi mthandizi. Pali pulojekiti ya FARMSE ya unduna wa zachuma mothandizidwa ndi IFAD, bungwe la United Nations lothandiza pa zaulimi. Analiponso a Concern Worldwide omwe kuyambira 2017 anachita zimenezi ku Mangochi ndi ku Nsanje. Maina ndi osiyana koma mafupa ake ndi amodzi.

Mmene zimayendera pakhomo penipeni

Tiyerekeze mayi wina wamasiye, ana anayi, apongozi okalamba ali pakhomo pomwepo, munda theka la ekala. Chaka chilichonse chimanga chimatha mwezi wa Okutobala usanathe, ndiye nthawi yomwe amayenera kupalira munda wake amakhala ali m'munda mwa wina pa ganyu, kulipidwa chigoba cha ufa kapena deya. Munda wake umapaliridwa mochedwa, zokolola zimachepa, chaka chamawa chimodzimodzi. Apa vuto si ulesi, munthuyu amagwira ntchito kuposa ambirife, koma thukuta lake likuthera m'munda mwa eni.

Chinthu choyamba ndi chakudya. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ija, kaya ikubwera pa TNM Mpamba, pa Airtel Money kapena pamanja, ntchito yake ndi kumasula mayiyu kuti asamathamangire ganyu aliyense. Anthu ena amadabwa kuti bwanji munthu mukumupatsa mpamba mukumupatsanso ya ndiwo, koma mukapereka mbuzi kwa munthu wanjala mu Januwale, mbuziyo pofika Febuluwale ili kwa ogula nyama pamsika, ndipo simungamunene.

Chachiwiri ndi gulu losunga ndalama, banki mkhonde. Izi Amalawi sitifunika kuuzidwa zambiri, zili paliponse mpaka m'maofesi, ngakhale njira yake inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE. Anthu 15 mpaka 25, kukumana sabata iliyonse pansi pa mtengo kapena pakhonde la wina, bokosi la maloko atatu makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, aliyense kugula masheya mmene angathere, mlembi kudinda m'kabuku, wochedwa kulipira faindi, kathumba kena kapadera ka zadzidzidzi ngati maliro ndi matenda. Wofuna ngongole amatenga pompo nkubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo kumapeto kwa chaka, nthawi zambiri chakuDisembala pomwe feteleza ndi fizi zikudikira, amagawana. Kwa mayi wathu uja phindu lake si ndalama yokha. Ndi malo oyamba pomwe akuphunzira kuwerengera, kuyankhula pagulu, komanso kukhala ndi kothawira mwana akadwala m'malo mopita kwa akatapila kapena kugulitsa mbuzi.

Chachitatu maphunziro, ndipo apa si za m'kalasi zokhala ndi mayeso ayi. Ndi zinthu ngati kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Zimamveka zophweka koma mageni ambiri amafera pomwepa, munthu wagulitsa mandasi tsiku lonse, ndalama yonse ili pa kansalu kamodzi, madzulo watengapo ya sopo, ya mchere, ya chigayo, mawa popita kukaoda ufa ndi mafuta wapeza yatsala theka. Amaphunzitsanso kuwerengera thiransipoti ngati mbali ya mtengo wa katundu, kusakongoza katundu yense kwa achibale, kusankha geni yomwe ili ndi ogula. Amene wasankha ziweto amaphunzira kumanga khola la m'mwamba kuti mbuzi zisamagone m'chinyezi, kumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, kupereka katemera wa chitopa ku nkhuku, uja wodontheza m'diso.

Kenako ndi pomwe mpamba umabwera, kamodzi koma wochulukirapo, woposa kutalitali ndalama ya pamwezi ija. Kawirikawiri munthu amayamba wanena kapena kulemba pulani yake, akufuna kuchita chani, zifunika zingati, akagulitsa kuti. Dongosolo lake ndi ladala, mpamba umabwera pambuyo pa maphunziro ndi kuzolowera kusunga, osati patsogolo. Ndipo alangizi abwino amalimbikitsa mageni awiri, ina yobweretsa ndalama msanga ina yochedwa. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, imaswa mwana m'modzi kapena awiri, ndiye kuti mufike pogulitsa osachepetsa khola padutsa chaka ndi kuposa. Pa nthawi yonseyo pakhomo pakufunika mchere tsiku lililonse, nchifukwa chake pambali pa mbuzi pamafunika kabenchi ka tomato, usipa kapena zitumbuwa.

Chomaliza, chomwe anthu amachiderera koma chimadya ndalama zambiri za pulogalamu, ndi mlangizi woyendera pakhomo. Ameneyu sabwera ndi ndalama. Amabwera ndi kope, amakhala pamkeka, amafunsa kuti mwezi watha munati mugula nkhuku zisanu, zilipo zingati, nanga ziwirizo zinapita kuti, mwana uja wabwerera kusukulu? Apa ndi pomwe nkhani ya zolinga imalowera. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuganiza za chakudya cha lero lokha ukamufunsa kuti zaka ziwiri zikubwerazi mukufuna mudzakhale pati, nthawi zambiri amangoseka kapena kuyankha kuti "kaya, Mulungu ndi amene akudziwa". Si kupusa, kungoti kukonza za mawa kumafuna kuti lero likhale lokhazikika kaye. Ntchito ya mlangizi ndi kuphwanya loto lalikulu kukhala tizidutswa. "Ndikufuna nyumba ya malata" imasanduka malata angati, limodzi ndi ndalama zingati, ndiye pa sabata muziika masheya angati, tigule awiri awiri tizisunga kuseri kwa chitseko. Cholinga chikhale cha mwini wake osati cha bungwe, chifukwa munthu ukamusankhira kuti iwe uziweta nkhumba pomwe mtima wake uli pa kusoka, kapena chipembedzo chake sichilola, nkhumbazo sizikhalitsa.

Palinso nkhani ya m'banja yomwe siyionekera pa mapepala. Ndalama ikalowa m'dzina la mayi, bambo ena amaona ngati alandidwa ufumu, ena amangoilanda. A Concern ku Mangochi ndi Nsanje, mogwirizana ndi ofufuza a ku Trinity College Dublin, anachita kuyesa dala njira zitatu, kwina thandizo kupita kwa mayi, kwina kwa bambo, kwina kwa mayi koma banja lonse nkumaphunzira limodzi za kukambirana ndi kugawana ntchito m'maphunziro omwe anawatcha Umodzi. Kungoti anaona kufunika koyesa zimenezi zikuonetsa kuti funso loti ndalama agwire ndani si laling'ono.

Bwanji osangowaphunzitsa ntchito zamanja?

Ili ndi yankho lomwe limabwera msanga pakamwa pa aliyense, ndipo njira yake ilipo. TEVETA, bungwe la boma loona za maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, imayendera ndalama yomwe olemba ntchito amapereka, 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro. Pali makoleji akale a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, yoyamba ku Ngara m'boma la Karonga. Vuto nlakuti makoleji akuluakuluwa amafuna satifiketi ya MSCE, yomwe mwana wa pakhomo la Mtukula Pakhomo nthawi zambiri alibe. Nde kwa amenewa njira imakhala yowapereka kwa mmisiri wa m'dera, telala, kalipentala, wowotcherera, wokonza njinga zamoto, wa saluni, aphunzire pogwira kwa miyezi ingapo. Pansi pa Tidzidalire a COMSIP akhala akuchita zoterezi ndi achinyamata a m'makomo olandira thandizo mogwirizana ndi TEVETA.

Koma luso palokha silibereka ntchito, ndipo umboni wake ndi wa konkuno. Cha m'ma 2010 ofufuza anatsatira achinyamata pafupifupi 1,900, ambiri amasiye kapena osiyira sukulu panjira, omwe TEVETA inawatumiza kwa amisiri kwa miyezi itatu. Anapeza kuti luso analipezadi, anyamata ambiri anapitiriza kuphunzira ndipo ankadzimva bwino, koma m'miyezi yotsatirayo panalibe kusintha kooneka pa nkhani yopeza ntchito kapena ndalama. Ndipo atsikana ankasiyira panjira makamaka chifukwa cha mtunda, matenda a pakhomo, ukwati ndi ntchito zapakhomo, komanso kwa iwo maphunzirowa ankawadyera ndalama zawo zomwe.

Mukaganiza bwino sizodabwitsa. Mtsikana wamaliza kuphunzira kusoka koma alibe mashini, luso lija miyezi isanu ndi umodzi layamba kuzilala. Mnyamata waphunzira kuwotcherera koma kwawo kulibe magetsi. Kapena onse khumi a m'mudzi umodzi aphunzira utelala, pa trading center pomwe pali kale matelala asanu olimbirana mayunifomu a sukulu imodzi, kwinaku kaunjika akugulitsidwa motchipa kuposa nsalu. Nchifukwa chake mapulogalamu a masiku ano amayesetsa kuwonjezera zipangizo zoyambira, ndalama ya thiransipoti ndi chakudya pa nthawi ya maphunziro, komanso kuyamba afufuza kuti m'deralo anthu akusowa ntchito yanji. Pena yankho limakhala losayembekezeka, kukonza mafoni, kuika ma sola, kukonza njinga za kabaza, kuweta njuchi.

"Ntchito yokhazikika" kuno imatanthauza chani

Kumaiko ngati Britain munthu wolandira thandizo la boma amapatsidwa mlangizi ku ofesi ya ntchito, amamuthandiza kulemba CV, kufunsira ntchito, kukonzekera intavyu, chifukwa mafakitale, mashopu ndi nyumba zosamalira okalamba zikufuna anthu. Kuno masamu ake ndi ena. Kafukufuku wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zosalembedwa, zopanda kontrakiti, zopanda penshoni. Ndipo kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la anthu m'dziko muno ndi ana osafika zaka 18, ndekuti chaka chilichonse khamu la achinyamata likulowa pamsika wa ntchito womwe malo ake olembedwa ndi ochepa zedi.

Ndiye mapulogalamuwa akamati munthu wapeza ntchito yokhazikika, kawirikawiri sakunena za salale ya pa 27. Akunena kuti pakhomo pali njira ziwiri kapena zitatu zopezera ndalama zosadalira mvula yokha, banja likudya kawiri kapena katatu ngakhale mu Febuluwale, ana ali pasukulu, pali ziweto kapena katundu woti vuto likagwa sangayambirenso pa ziro, ndipo pali kenakake ku banki mkhonde. Zimenezi ndi zomwe amayeza pomuuza munthu kuti wamaliza. Ena amapitirira, gulu limakula nkukhala kopaletivi, kumagula soya kapena mtedza pamodzi nkugulitsa mochuluka kwa ogula akuluakulu m'malo mwa mavenda a sikelo zokayikitsa. Ochepa amalembedwadi ntchito, ku ma esiteti, kwa makontrakitala, ku mashopu. Koma ambiri bwana wawo amakhala iwo eni.

Zimagwiradi ntchito?

Yankho lake lili pawiri, ndipo mbali zonse zili ndi umboni.

Tiyambe ndi ndalama ya Mtukula Pakhomo payokha. Pakati pa 2013 ndi 2015 ofufuza a ku University of North Carolina, Centre for Social Research ya ku Zomba ndi UNICEF anayerekeza maanja olandira ndi osalandira ku Salima ndi Mangochi. Olandira ankadya bwino, ana ambiri anali pasukulu, anagula nkhuku, mbuzi ndi makasu, ndipo anachepetsa ganyu nkumalimbikira m'minda mwawo. Lipoti lawo linati pa kwacha iliyonse yolandira, banja linkapindula pafupifupi K1.69, kutanthauza kuti ndalamayo inkabereka. Zoti anthu amangomwera mowa kapena kusiya kugwira ntchito sizinaoneke m'kafukufukuyu, olo kuti aliyense ali ndi nkhani ya munthu m'modzi wa kwawo amene anatero. Mthandizi wakale wa MASAF ndiye sunatuluke bwino, kafukufuku wa nyengo ya 2012/13 sanapeze kuti unathandiza mabanja kukhala ndi chakudya chokwanira kapena kugula feteleza wochuluka.

Za graduation, kafukufuku wotchuka ndi wa 2015, wa gulu lomwe munali Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019. Anatsatira maanja opitirira 10,000 m'maiko asanu ndi limodzi, Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru. Patatha chaka pulogalamu itatha, maanja ambiri anali akudyabe bwino, ali ndi katundu wambiri komanso ndalama zosunga kuposa anzawo. Ku Honduras kokha zinavuta, ambiri anapatsidwa nkhuku ndipo zinafa ndi matenda, zomwe aliyense amene chitopa chinamupululira khola angazimvetse. Ku India atabwererako patatha zaka khumi anapeza kusiyana kukadalipo. Ku Ghana anayesa kupereka mbuzi zokha popanda maphunziro ndi mlangizi, ndipo phindu lokhalitsa silinaoneke.

Mbali inayo ndi iyi. Kusinthaku nkoona koma si kwakukulu ngati mmene timamvera m'malankhulidwe a pa misonkhano, ambiri amachoka pa kusaukitsitsa kufika pa kusauka, osati kulemera. Penanso phindu limazilala. Ku Uganda boma linapatsa magulu a achinyamata ndalama zophunzirira ntchito zamanja ndi kugula zipangizo mu 2008, patatha zaka zinayi ankapeza ndalama zambiri kuposa anzawo, koma patatha zaka zisanu ndi zinayi anzawo aja anali atawapeza. Ndipo graduation ndi yodula, alangizi amafuna malipiro, njinga zamoto, mafuta. Apa ndi pomwe pali mtsutso weniweni pakati pa akatswiri. Ena, monga a bungwe la GiveDirectly omwe akhala akupereka ndalama zochuluka kamodzi kwa anthu aakulu msinkhu m'madera ngati kwa Khongoni ku Lilongwe, amati ndalama yolipira alangiziyo bola kungompatsa mwini wake, amadziwa yekha chomwe akusowa. Ena amati kwa osaukitsitsa enieni, amene sanagwirepo K100,000 nthawi imodzi, kuyenda nawo limodzi ndi komwe kumapangitsa kuti ndalamayo isasungunuke.

Kuchoka m'kaundula ndi kuchoka mu umphawi si chinthu chimodzi

Chisokonezo chachikulu chili apa. Mtukula Pakhomo amalembanso maina pakapita zaka zingapo, pogwiritsa ntchito kaundula wa boma wa maanja uja amati UBR, ndipo banja likhoza kuchotsedwa osati chifukwa latukuka koma chifukwa mwana wakwanitsa zaka 19, kapena papezeka ena ovutikitsitsa kuposa iwo pomwe malo ndi omwe aja 10 pa 100. Banja lotere latuluka m'buku koma umphawi uli pomwepo. Pomwe graduation yeniyeni imayezedwa ndi mmene pakhomo pakuyendera, osati ndi dzina kufufutidwa.

Zimenezi zimabweretsa mantha omveka. Ngati kukhoma malata kapena kukhala ndi mbuzi zisanu kungachititse kuti ndichotsedwe, bwanji ndisabise mbuzizo kwa achimwene kutsidya? Munthu woganiza choncho sakupenga, akuwerengera. Ndalama ya pamwezi ndi yochepa koma ndi yotsimikizika, geni ndi ya mwina. Ku Britain vutoli anayesa kulichepetsa pochotsa thandizo pang'onopang'ono, pa thandizo lawo lotchedwa Universal Credit munthu akayamba kulandira malipiro amamudula 55 pence pa paundi iliyonse yomwe wapeza m'malo momuchotseratu, kuti kugwira ntchito kuzimupindulirabe. Kuno njira yotere njovuta chifukwa palibe amene amadziwa kuti wogulitsa zitumbuwa wapeza zingati mwezi uno, ndiye munthu amakhala kuti ali mkati kapena ali kunja basi.

Kenako pali zinthu zomwe ngakhale mlangizi wabwino chotani sangaziletse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mpamba womwe unawerengeredwa kuti ugula mbuzi zinayi umafika pogula ziwiri, ndipo ndalama zomwe zagona m'bokosi la banki mkhonde chaka chonse zimatuluka zitaonda. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasamutsa anthu opitirira 600,000 kuchigawo chakummwera, m'maboma ngati Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, makola, minda ndi timagolosale zinapita ndi madzi usiku umodzi. Chaka chotsatira chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Ndipo geni ya m'mudzi imadalira kuti anansi akhale ndi ndalama, chaka cha njala olo mandasi anu akhale okoma bwanji ogula kulibe.

Nchifukwa chake akatswiri ambiri pano amakamba zoti khomo lizikhala lotsegukira mbali zonse, munthu amene anamaliza koma wagwa ndi chigumula azitha kubwereranso mwachangu osadikira zaka, ndipo m'maboma ena ayamba kale kuwonjezera ndalama kapena maanja olandira kwa miyezi ingapo chilala chikavuta. Ena amaona kuti zimenezi zikhoza kupangitsa anthu kudalira boma mpaka kalekale, komanso amafunsa kuti ndalama zake zizichokera kuti poti gawo lalikulu ndi la abwenzi akunja omwe masiku ano akuchepetsa thandizo. Enanso amati agogo ndi anthu aulumali asamawerengedwe nkomwe pa nkhani yomaliza, iwowa akufunika penshoni ya ukalamba yokhazikika ngati mmene zilili ku South Africa ndi ku Lesotho, ndipo mphamvu za maphunziro ndi mpamba zipite kwa achinyamata ndi amayi amphamvu a m'makomomo.

Ndiye mukadzamva chilengezo choti maanja mwakuti achita graduate, pali mafunso ochepa omwe angakuuzeni ngati nkhaniyo ili ndi nyama. Anayeza chani, katundu ndi chakudya cha pakhomo kapena kungoti maphunziro anatha? Anayeza liti, nthawi yokolola pomwe aliyense amaoneka bwino kapena mu Febuluwale? Amene anasiyira panjira anawerengedwa, makamaka atsikana? Ndipo alipo amene anabwererako patatha zaka ziwiri kapena zitatu kukaona ngati mashini osokera aja akadali pakhonde kapena anagulitsidwa chaka cha njala?